Chitseko cha ku Ulongwe

Mnyamata wa kamera anatsika chapa cha ku Tete,
fumbi la Moatize likadali m'tsitsi,
naima pa chitseko chimene bambo anga anasema,
cha mlombwa chija, pa tchalitchi cha kuseri kwa msika.
Anachisisita ngati pamphumi pa wodwala malungo.
Atamva kuti mmisiri wake anathawapo nkhondo
anagwedeza mutu mokhutira:
"Ndinadziwa. Zotere zimabadwa m'misozi.
Golide sayengedwa popanda moto."
Analemba m'kabuku. Ine ndinangoti ee,
poti mlendo satsutsidwa asanamwe madzi.

Koma usiku wonse ndakhala ndikukangana naye.

Ndinaliko ine zaka za kutsidya,
m'zisakasa za m'munsi mwa phiri la Dedza.
A Gerivaziyo mukuwatamawo
anasema chiyani kumeneko?
Mithiko. Zipande. Mipini iwiri patsiku.
Timabokosi titatu,
kamodzi ka mng'ono wanga Inesi,
matabwa ake ochita kupempha.
Tchizulo chawo chachikulu anasinthitsa ndi chitini cha mgaiwa.
Manja ankanjenjemera. Mluzu unatha.
Njala sinawaphunzitse kanthu
koma kuwerenga nyemba m'mbale ya mnzawo.

Chitsekocho chinadza chaka china,
titabwerera, kachewere atabereka mopusa,
amayi atagulitsa matumba makumi atatu ku Kalomwe
n'kubwerako ndi palafini, shuga, nsapato za aliyense.
Bambo ankayamba adya, n'kugonako pang'ono masana,
n'kudzuka akuseka okha.
Miyezi isanu panalibe wodwala pakhomo.
Mbalame zili pamwambazo, atimba ndi apumbwa,
zinatuluka m'mimba yokhuta.
Nthambi ya mapichesi ija ndi ya kuseri kwa khitchini yathu.

Kunalinso Tobiyasi Kamtedza,
amene bambo ankati, mmisiri ndi uyu, ine ndimangogwirizira thabwa.
Anayenda njira yomweyo, nagona m'thengo lomwelo,
naika ana awiri, osati mmodzi.
Moto ukanakhala woyenga aliyense
bwenzi iye ali golide wa Angonia yense.
Anafera pa baraka, botolo la kachasu lili m'khwapa,
osasiya ngakhale kampando.
Za phulusa, a kamera, simulemba m'kabuku.

Komabe,
ndipo apa ndi pamene tulo tandithawira,
m'munsi mwa chitsekocho, kumanzere, pomwe ana amapukutira matope,
pali mkazi wasenza mtolo, wacheukira m'mbuyo,
mbereko ili kumsana, mulibe mwana.
Nkhope sanamusemere.
Padiri atafunsa, bambo anati thabwa linali ndi mfundo pamenepo.
Palibe mfundo. Ndapapasapo kangapo.
Anthu amadutsa mbalame zonse zija
n'kudzaima pa iyeyu, zii, chipewa chili m'manja.

Ndiye ndinene chiyani?
Kuti Inesi ndiye mtengo wake wa chitseko?
Bwezani mwana wathu, tengani thabwa lanu,
tchalitchi atseke ndi lata, tidzapempherabe.
Bala anali nalo kale, monga aliyense m'mudzi muno.
Chinkasowa ndi tchizulo, nyali,
ndi miyezi isanu yopanda maliro
kuti dzanja lileke kunjenjemera
n'kuloza pomwe pakuwawa.

M'mawa uno mwana wanga Selesitinu
wajambula njinga pakhoma ndi khala,
sipoko iliyonse, ndi tcheni chomwe.
Aneba akuti musamulere ngati dzira, avutike akhwime,
walira mvula walira matope.
Matope adzawapeza yekha, kuno ndi ku Ulongwe, sasowa.
Ine ndamuphikira kachewere, ndathiramo ndi mafuta,
ndipo Loweruka kabichi akayenda malonda
ndikamugulira mapensulo awiri
ndi pepala loyera mbali zonse.